Chimera Linux: Linux Yomangidwa Popanda GCC ndi Zida za GNU

Pafupifupi aliyense amene wakhala akugwiritsa ntchito Linux m'zaka zoposa 30 zapitazi wakhalanso akugwiritsa ntchito zida za GNU (gulu lopanga mapulogalamu amene aliyense ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito ndi kuwasintha), kaya ankadziwa kapena ayi. Mu Ogasiti 1991, pamene Linus Torvalds ankadziwitsa anthu za operating system imene ankapanga ku Helsinki, ananena kuti anali atakwanitsa kale kuyendetsamo bash 1.08 (pulogalamu yolandira malamulo amene munthu amalemba) ndi gcc 1.40, ndipo kuyambira nthawi imeneyo GCC, compiler ya GNU, yakhala ngati mwala wapangodya wa pafupifupi mtundu uliwonse wa Linux. Chimera Linux inabwera kudzafunsa ngati zimenezi zili choncho chifukwa palibe njira ina, kapena chifukwa chakuti anthu anangozolowera. Ndakhala ndikuigwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo pa laputopu yakale ya x86_64, ndipo ndalemba zimene ndaona kuti munthu amene akuganiza zoiyesa adziwiretu chimene akulowamo.

Kwa owerenga amene sagwira ntchito yolemba mapulogalamu, compiler ndi pulogalamu imene imatenga malemba olembedwa ndi munthu m'chinenero monga C n'kuwasandutsa malangizo amene makina angathe kuwatsatira. Siigwira ntchito yokha. Pamafunika linker yolumikiza zidutswa zimene zamangidwa, laibulale ya C imene pulogalamu iliyonse imadutsamo ikafuna kulankhula ndi kernel (mtima wa operating system, umene umalamulira makina), komanso tizida ting'onoting'ono monga ls, cp, sed ndi grep timene timaitanidwa kambirimbiri pa nthawi yomanga. Pa mitundu ya Linux monga Debian, Fedora ndi Arch, zonsezi zimachokera ku GNU: GCC, imene Richard Stallman anaitulutsa koyamba mu 1987, binutils, glibc ndi coreutils. Chimera inachotsa zinayi zonsezi pa maziko ake. M'malo mwa GCC muli Clang, compiler ya m'gulu la zida lotchedwa LLVM, m'malo mwa linker ya GNU muli lld, laibulale ya C++ ndi libc++, laibulale ya C ndi musl, ndipo tizida ta tsiku ndi tsiku tinatengedwa ku FreeBSD, operating system ina imene si Linux, n'kukonzedwa kuti tiziyenda pa Linux pansi pa dzina lakuti chimerautils. Dzina la operating system yonseyi likuchokera ku chilombo cha m'nthano za Agiriki chimene chinali ndi ziwalo za mkango, mbuzi ndi njoka, ndipo n'loyenera, chifukwa kernel ndi ya Linux, compiler ndi ya LLVM, zida ndi za FreeBSD, chida choikira maphukusi (mapulogalamu okonzedwa kuti aikidwe pa kompyuta) ndi apk ya Alpine Linux, ndipo pulogalamu yoyambitsa makina ndi dinit ya Davin McCall.

Ntchitoyi inayamba mu 2021, ndipo anaiyambitsa ndi katswiri wa ku Czech Republic wodziwika pa intaneti ndi dzina lakuti q66, amene poyamba ankasamalira Void Linux ya makompyuta a PowerPC. Mu Juni 2023 inafika pa gawo loyamba loyesera (alpha), ndipo mu Disembala 2024 inalowa gawo lachiwiri loyesera (beta).

Si Chimera imene inayamba kusiya GCC, ndipo kuti tiiweruze mwachilungamo tiyenera kuona amene analambula njira. LLVM inayambira pa yunivesite ya Illinois mu 2000 m'manja mwa Chris Lattner ndi Vikram Adve, ndipo Clang inatulutsidwa ndi Apple mu 2007, chaka chomwecho chimene GNU inabweretsa laisensi ya GPLv3. FreeBSD sinafune laisensi yatsopanoyi m'maziko ake, choncho inakhala zaka zambiri ndi GCC 4.2.1 yakale mpaka pamene FreeBSD 10.0 inatuluka mu Januwale 2014 ili ndi Clang ngati compiler yake pa makompyuta ofala. OpenBSD inachita chimodzimodzi mu 2017. Koma a BSD zinawaphwekera pang'ono chifukwa kernel, laibulale ya C ndi zida zawo zonse zimasamalidwa ndi gulu limodzi, pamene Linux ndi yosonkhanitsidwa kuchokera kwa anthu ambirimbiri amene kwa zaka zochuluka ankangoyesa mapulogalamu awo ndi GCC basi. Kernel ya Linux sinalembedwe m'chinenero cha C chimene chili m'mabuku a malamulo ake, koma m'kalankhulidwe ka C ka GNU, kokhala ndi zowonjezera zimene poyamba GCC yokha ndiyo inkazimva. Zina mwa zowonjezerazi anthu a Clang anakana kuzitengera, moti zinachita kuchotsedwa mu kernel, ndipo zina Clang inachita kuziphunzira, monga asm goto imene inafika mu Clang 9 mu 2019 n'kutsegula njira yomangira kernel ya x86_64 popanda kuisintha. Google inali itayamba kale kumanga kernel ya mafoni a Pixel 2 ndi Clang mu 2017, ndipo kuyambira pa Linux 5.7 munthu amangolemba LLVM=1 kuti kernel yonse imangidwe ndi zida za LLVM. Chimera inakolola m'munda umene ena analima, koma inapita patsogolo kuposa ena: OpenMandriva inasamukira ku Clang koma inasunga glibc, ndipo Alpine inatenga musl koma inasunga GCC, pamene Chimera inasiya zonse ziwiri.

Kuika Chimera pa kompyuta kumafuna munthu wosaopa kulemba malamulo pa terminal. Njira imene ndinatsatira ndi yogawa disiki ndi manja, kuikonza, kuitanitsa chimera-bootstrap kuti ikopere maphukusi oyambira, kulowa m'dongosolo latsopanolo ndi chimera-chroot, kenako kuika kernel ndi pulogalamu yodzutsa makina. Malangizo a pa webusaiti yawo ndi olembedwa bwino ndipo sabisa zovuta, moti amene anaikapo Arch kapena Void sangasochere. Zikatha zimenezi mumapeza GNOME kapena KDE Plasma (maonekedwe a mawindo a pa sikirini) yoyenda bwino, mawu akumveka, ndipo Firefox ikutsegula masamba monga imachitira kwina kulikonse. Munthu wongoyang'ana pa sikirini sangadziwe kuti pansi pake palibe GCC kapena glibc, ndipo ine ndimaona kuti umenewu ndi umboni woyamba wakuti ntchitoyi inagwiridwa mosamala.

Chimene chinandikopa kwambiri si maonekedwe ayi, koma cports, nkhokwe ya malangizo omangira phukusi lililonse, pamodzi ndi cbuild, pulogalamu imene imawatsatira. Zonse ziwiri zinalembedwa m'chinenero cha Python, ndipo phukusi lililonse lili ndi fayilo yake yotchedwa template.py, imene imatchula dzina, kumene malemba a pulogalamuyo amachokera, nambala yotsimikizira kuti fayilo sinasinthidwe panjira, ndi maphukusi ena amene akufunika. Kumanga kumachitikira m'kachipinda kotsekedwa ndi bubblewrap, popanda mphamvu za root (woyang'anira wamkulu wa makina) komanso popanda intaneti pa nthawi yomangayo, kotero kuti pulogalamu singatole mwakachetechete chinthu chimene sichinalembedwe mu template. Ndinayamba ndi kumanga phukusi laling'ono kuti ndione mmene zimayendera, ndipo ndinasangalala kuona kuti cbuild imayendetsa mayeso a pulogalamuyo isanavomere kuti phukusi latha, komanso imakana phukusi limene laika mafayilo pamalo osayenera. Amene anayesapo kuwerenga malangizo omangira olembedwa mu shell, odzaza ndi zigamba za zaka zambiri, adzamva kupepukidwa akatsegula mafayilo amenewa.

Pali njira ziwiri zoyambira kumanga maphukusi ndi cbuild. Yoyamba, imene anthu ambiri ayenera kusankha, ndi yokopera maphukusi omangidwa kale n'kumangira pamwamba pake. Yachiwiri ndi yomanga maziko onse kuchokera ku malemba a mapulogalamu, ndipo imeneyi imadutsa m'magawo angapo: poyamba zida za kompyuta imene mukugwirirapo ntchito zimamanga Clang, musl ndi tizida tochepa, kenako zimene zamangidwazo zimadzimanganso zokha, ndipo zimabwerezedwanso mpaka pasakhale chilichonse chotsalira cha kompyuta yoyamba ija. Ntchito imeneyi ndi yolemetsa, chifukwa LLVM ndi pulogalamu yaikulu kwambiri ndipo imamangidwa kangapo, choncho pa laputopu yakale muyenera kukonzekera maola ambiri, memore yokwanira, ndi magetsi amene sazima pakati pa ntchito. Komabe ndikulimbikitsa wophunzira aliyense wa zamakompyuta kuti aione ikuchitika ngakhale kamodzi, chifukwa palibe phunziro la m'kalasi limene limaonetsa bwino chonchi kuti compiler imabadwa kuchokera ku compiler inzake.

Funso limene owerenga angafunse n'lakuti phindu la zonsezi n'chiyani, popeza GCC ndi compiler yabwino ndipo palibe cholakwika ndi kuigwiritsa ntchito. Yankho limene landikhutiritsa ndi lakuti kusankha gulu limodzi la zida kwa dongosolo lonse kunalola omanga Chimera kuyatsa zoteteza zimene ena amaziyatsa pa mapulogalamu ochepa okha. Maphukusi ambiri amamangidwa ndi ThinLTO, njira imene imalola compiler kuona pulogalamu yonse pa nthawi yolumikiza. Amamangidwanso ndi chotchinga chimene chimaimitsa pulogalamu nthawi yomweyo ngati nambala yasefukira kupyola malire a malo ake, m'malo moisiya kuti ipitirire ndi yankho lolakwika limene wakuba angapezerepo mpata. Maphukusi ena amayatsidwanso CFI, imene imaonetsetsa kuti pulogalamu ikadumphira ku gawo lina la malangizo ake, ikudumphira kumene inayenera kupita. Nkhani ya nambala zosefukira ndi yofunika kuiganizira mofatsa, chifukwa zolakwika za mtundu umenewu zimatha kukhala m'pulogalamu kwa zaka zambiri popanda wozindikira, popeza pa GCC ndi glibc pulogalamuyo imaoneka ngati ikuyenda bwino. Pa Chimera cholakwika chotere chimaonekera poyera, ndipo chikakonzedwa kwa eni pulogalamu, ogwiritsa ntchito Debian ndi Fedora amapindulanso ngakhale sanamvepo dzina la Chimera.

Pa nkhani ya musl omanga Chimera anachitanso chinthu chanzeru. Laibulale imeneyi, imene Rich Felker anaitulutsa koyamba mu 2011, ndi yaing'ono ndiponso yosavuta kuwerenga, koma gawo lake logawa memore limadziwika kuti limachedwa pa mapulogalamu amene amachita ntchito zambiri nthawi imodzi. Chimera sinangovomereza kuchedwako. Poyamba inalowetsamo Scudo ya LLVM, ndipo mu 2024 inasinthira ku mimalloc, imene inachokera kwa ofufuza a ku Microsoft. Pa ntchito zanga za tsiku ndi tsiku, monga kulemba, kuwerenga pa intaneti ndi kumanga mapulogalamu ang'onoang'ono, sindinaone kuti makina akulemedwa kuposa mmene ankachitira ndi Linux imene inalipo kale.

Dinit ndi yachangu ndipo mafayilo ake ofotokoza ntchito ndi aafupi, moti dinitctl enable ndi lamulo limene munthu amaliphunzira tsiku loyamba n'kulizolowera. M'malo mwa sudo, lamulo lopatsa munthu mphamvu za root, muli doas, ndipo apk imasunga mndandanda wa maphukusi amene mwasankha mu fayilo imodzi, /etc/apk/world, imene mungaiwerenge ndi maso.

Tsopano ku zovuta, zimene zambiri mwa izo si kulephera kwa omanga koma mtengo wa chisankho chimene anapanga. Pulogalamu iliyonse yogawidwa itamangidwa kale pa glibc siingayende mwachindunji pa musl, ndipo m'gulu limeneli muli mapulogalamu ambiri a makampani amene malemba ake sapatsidwa kwa anthu. Dalaivala ya NVIDIA yochokera ku kampaniyo imadalira glibc, choncho amene ali ndi khadi la zithunzi la mtundu umenewu ayenera kudalira madalaivala a Mesa. Mapulogalamu ngati Steam amayenda kudzera mu Flatpak, njira ina yoikira mapulogalamu, imene imabwera ndi glibc yakeyake m'kati mwake. Njirayi imagwira ntchito, koma imafuna kukopera mafayilo akuluakulu, ndipo kwa ife amene timagula intaneti ya pa foni imeneyi si nkhani yaing'ono. Tizida ta FreeBSD nato tili ndi khalidwe lake. Grep yake ilibe njira yofufuzira malemba ya -P, ndipo /bin/sh si bash, kotero kuti script (fayilo ya malamulo otsatizana) imene imanena kuti ndi ya sh koma ikugwiritsa ntchito kalembedwe ka bash imaima pomwepo. Bash ilipo ngati phukusi kwa oifuna, koma malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu amene amaganiza kuti Linux iliyonse ili ndi zida za GNU, choncho muyenera kuwerenga lamulo lililonse musanalikopere. Maphukusi ndi ochepanso poyerekeza ndi a Debian, ngakhale mutatsegula nkhokwe yachiwiri yotchedwa user.

Pamenepa ndiyenera kunena chinthu chimene chinasintha maganizo anga. Script zingapo zimene ndinalemba kalekale, zimene ndinkakhulupirira kuti zingayende paliponse, zinakana kuyenda pa Chimera, ndipo nditafufuza ndinapeza kuti cholakwa chinali changa, chifukwa ndinali nditagwiritsa ntchito zowonjezera za GNU osadziwa kuti ndi zowonjezera. Chimodzimodzi pulogalamu ina yaing'ono ya C imene inkamangika pa GCC mopanda dandaulo inakanidwa ndi Clang chifukwa ndinali nditaitana function imene sindinailengeze, chinthu chimene Clang 16 inayamba kuchitenga ngati cholakwika chenicheni osati chenjezo chabe. Ndinakonza zonsezi, ndipo tsopano zimayenda pa Chimera, pa Debian ndi pa FreeBSD mofanana.

Ena amalankhula za Chimera ngati Linux yopanda chilichonse cha GNU, koma zimenezi si zoona, ndipo eni ake sanena choncho. Kernel ya Linux simangika popanda GNU make, choncho chidacho chilipo. GRUB, imene ndi imodzi mwa mapulogalamu odzutsira makina amene mungasankhe, ndi ya GNU. Ngakhale udev, imene imazindikira zipangizo zolumikizidwa ku kompyuta, imamangidwa kuchokera ku malemba a systemd, pulogalamu yoyambitsa makina pa Linux zambiri, ngakhale kuti systemd yeniyeniyo siikuyendetsa makina. Ine ndimalemekeza mtima umenewu, chifukwa ukuonetsa kuti cholinga si kudana ndi gulu lina la opanga mapulogalamu, koma kusankha chida chilichonse poona ngati chikuyenererana ndi dongosolo lonse. Ukuonetsanso malire a zimene zingatheke pakali pano.

Pali malire ena ozama kuposa amenewa. Chimera inasiya compiler imene Linux inazolowera, koma sinasiye kudalira compiler yomangidwa kale, chifukwa gawo loyamba la kumanga kuchokera ku malemba limafunabe Clang yoyenda, imene winawake anamanga ndi compiler ina. Ken Thompson anafotokoza ngozi ya zimenezi mu 1984, pamene anaonetsa kuti compiler ingathe kubisa msampha umene umadzikopera wokha mu compiler iliyonse imene yamanga, popanda kusiya chizindikiro m'malemba amene anthu amawerenga. Amene akulimbana ndi vuto limeneli ndi ena: mu 2023 a GNU Guix analengeza kuti maphukusi awo tsopano amamera kuchokera ku kambewu ka mabayiti 357 okha, kamene kamamanga chida chokulirapo pang'ono, icho n'kumanga china, kudutsa mu GNU Mes ndi TinyCC mpaka kufika ku GCC. Chochititsa chidwi n'chakuti makwerero amenewa amathera pa GCC, chifukwa ma GCC akale, mpaka pa 4.7, ankatha kumangidwa ndi compiler ya C yokha, pamene LLVM inalembedwa mu C++ kuyambira pachiyambi ndipo imafuna compiler ya C++ yamakono kuti imangike. Choncho munthu amene akufuna kufika ku Clang kuchokera ku kambewu kotere amadutsabe pakhomo pa GCC. Amene nkhawa yake ndi yokhulupirira compiler yoyamba ayang'ane ku Guix. Chimera ikuyankha funso lina, lakuti kodi Linux yathunthu, yokhala ndi GNOME ndi Firefox, ingamangidwe ndi kusamalidwa tsiku ndi tsiku ndi zida zina, ndipo yankho lake ndi lakuti inde.

Chinthu china choyamikira ndi kuchuluka kwa mitundu ya makompyuta imene gulu laling'ono chonchi likusamalira. Kuwonjezera pa x86_64 ndi aarch64, pali maphukusi a ppc64le, ppc64, riscv64 ndi loongarch64, ndipo zimenezi zimathandizidwa ndi mfundo yakuti Clang imodzi imatha kumangira makina a mitundu yonseyi, pamene GCC imafuna kumangidwa payokha pa mtundu uliwonse. Komabe gulu laling'ono lili ndi malire ake: mu 2025 analengeza kuti asiya RISC-V chifukwa chosowa makina amphamvu omangirapo, ndipo anabweza ganizolo patapita masiku ochepa atapatsidwa mwayi wogwiritsa ntchito makina oyenera. Bungwe limene likuganiza zoika Chimera pa makompyuta a ntchito liyenera kuiganizira nkhani imeneyi.

Sindingaike Chimera pa kompyuta ya mu ofesi imene imadalira mapulogalamu ogula kapena dalaivala ya makina osindikizira yochokera ku kampani, ndiponso sindingaipereke kwa munthu amene akuyamba kumene Linux. Koma kwa wolemba mapulogalamu a C kapena C++, kwa wosamalira ma seva amene amalemba script zambiri, ndi kwa wophunzira amene akufuna kuona mmene operating system imamangidwira kuyambira pansi, ndikuivomereza ndi mtima wonse. Njira yabwino yoyambira ndi kuiika pa flash disk n'kuiyendetsa osakhudza disiki ya kompyuta, kuti muone ngati Wi-Fi, mawu ndi zithunzi zikugwira ntchito pa makina anu, kenako kukopera cports ndi kumanga phukusi limodzi laling'ono. Ine ndaisiya pa laputopu yakale ija, ndipo script kapena pulogalamu iliyonse imene ndalemba imayamba yadutsa pamenepo ndisanaitumize kwa anzanga.